A Ndatherapano ndi Chiphaso cha Mlamu Wawo

A Ndatherapano anakwera phiri zaka makumi atatu ndi ziwiri, koma pansonga pake sanapondepo ngakhale kamodzi. Musaseke, ndi zoona. Ntchito yawo inali yotsogolera alendo kuphiri, ndipo anthu amene anawafikitsa pamwamba atati asonkhane lero, sangakwane m'bwalo la mpira. Koma akafika pathanthwe lomaliza, pamene pamangotsala mapazi khumi ndi awiri kuti munthu aime pansonga, mkuluyo ankatula ndodo, n'kulozetsa msana kunsongako, n'kukhala pansi phee.

"Ine ndathera pano. Pitani, alendo ndinu."

Dzinalo linachokera pamenepo. Lawo lenileni linangotsala pabuku lakuchipatala.

Alendo ankawanyengerera. "Bambo, bwerani tijambulitse limodzi! Patsala pang'ono chabe."

"Woperekeza mkwatibwi amathera pakhomo," iwo ankayankha osatembenuka. "Mukamuona walowa kuchipinda, dziwani kuti ukwati wavuta."

Phiri limeneli lili ndi nsonga zingapo. Zapafupi mumanyamuka m'mawa, masana mwabwerako, madzulo mukunamiza anzanu kuti munakumana ndi kambuku. Koma pali nsonga yakutali, ya masiku atatu kupita kokha, yopanda njira yoti n'kuloza ndi chala. Mumadutsa m'thengo la minga, mumawoloka mtsinje umodzi kasanu ndi kawiri, mumadzipanikiza mumpata wa miyala, kenako mumakwawa pamwala woterera, phompho likukudikirani kumanzere. Njira imeneyi inali m'mutu mwa munthu mmodzi yekha, ndipo mutuwo unali wouma kuposa miyala yonse ya kumeneko.

Mlendo wina anabwera ndi kachipangizo kolozera njira, kapamkono ngati wotchi. Atafika pa mitengo iwiri yopsa ndi mphezi, anaima n'kunyadira.

"Bambo, kakuti tikhotere kumanzere."

"Kali ndi ana kameneko?"

"Ayi."

"Ine ndili nawo anayi. Katsogozeni kumanzereko, mwina tikakapeza mawa."

Wina anafika ndi chikwama chodzaza mabuku ndi mafuta odzola, ati sangagone osawerenga. A Ndatherapano anachinyamula kamodzi, n'kuchibweza pansi, n'kufunsa mwaulemu ngati maliro a munthu ali m'chikwamayo akuchitikira kuphiri komweko.

Asananyamuke ndi mlendo aliyense, ankayamba ayang'ana nsapato zake. Zikawakayikitsa, ankamulondolera pakhonde loyang'anizana ndi ofesi ya otsogolera alendo, pamene pankakhala a Zigamba, wosoka nsapato. A Zigamba anali mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo, munthu wamimba yake, amene chinthu chachitali chimene anakwerapo m'moyo wake chinali bedi. Awiriwa ankatukwanana tsiku lililonse kuyambira pa tsiku la ukwati, ndipo tsiku limene sanatukwanane, aliyense ankapita kwawo akudabwa ngati mnzake wakwiya.

"Alamu, mlendo uyu mumuikire mphira wa tayala, osati makoko a nthochi munaikira uja wa sabata yatha."

"Ine ntchito yanga ndimaimaliza," a Zigamba ankayankha, singano ili kukamwa. "Sindisiya nsapato patatsala misoko khumi ndi iwiri."

Zinkayenda choncho mpaka chaka chimene kuofesi kunabwera kalaliki watsopano, wa jekete ndi zolembera zitatu m'thumba. Anabwera ndi lamulo lochokera kulikulu: wotsogolera alendo aliyense akhale ndi chiphaso, ndipo wopanda chiphaso asadutse ndi mlendo pageti la kuphiri. Kuti munthu apatsidwe chiphasocho, ankalemba fomu, n'kumatapo chithunzi chake ataima pansonga imene akufuna kumapitako ndi alendo. Anzawo onse anathamangira kunsonga zapafupi, n'kubwerako ndi zithunzi, mano onse pamtunda. A Ndatherapano anapita kuofesi ndi ndodo yawo yokha. A Zigamba anasiya nsapato n'kuwatsatira, poti ankadziwa kuti kumeneko kukhala filimu yaulere.

"Chithunzi chili kuti, bambo?" anafunsa kalaliki.

"Zithunzi ndi izo zadzaza khomalo."

Khoma la ofesi linalidi lodzaza zithunzi za alendo ataima pansonga yakutali, manja m'mwamba. A Ndatherapano anayamba kuloza ndi ndodo m'munsi mwa zithunzizo. "Ichi ndi chipewa changa. Uwu ndi msana wanga. Ili ndi khutu langa."

"Msana si umboni. Fomu ikufuna nkhope, ndipo nkhopeyo ikhale pansonga."

"Nanga anthu awa anafikako bwanji? Anagwa ndi mvula?"

"Fomu sindinalembe ndine, bambo. Wotsatira!"

Wotsatira panalibe. A Zigamba anaseka mpaka kutsamira chitseko, ndipo kuseka kumeneko akukulipirabe mpaka lero.

Miyezi itatu inatha mkuluyo ali pakhomo. Alendo ofuna nsonga yakutali ankabwezedwa, ena n'kumangopita zapafupi. Tsiku lina mlongo wawo wa a Zigamba anatulukira pakhonde paja, n'kukhala pabenchi ya makasitomala osadikira kuuzidwa.

"Achimwene, alamu anu akutha ndikuona. Angokhala pampando kuyang'ana phiri, osalankhula. Dzulo ndawapeza akutsogolera nkhuku zanga kukhola, akuziuza kuti zisamale poterera."

"Nanga ine nditani, chemwali? Munthuyo munamusankha nokha."

"Mupite nawo. Mukawakankhe mapazi khumi ndi awiriwo, muwajambule, mubwere. Ine sandimvera, koma inu amakumverani pokutsutsani."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Zigamba anabwereka foni yojambula kwa wometa tsitsi woyandikana nawo, anaphunzira pokanikiza tsiku lathunthu, n'kupita kwa mlamu wawo kukanena kuti akufuna kuona phiri asanafe. Pageti sipakanavuta, poti mlamu si mlendo. A Ndatherapano anawayang'ana mimba, n'kuwayang'ana nsapato.

"Nsapato izi anakusokerani ndani? Wakuberani."

"Ndinasoka ndekha."

"Ndiye mwadzibera. Tinyamuka mawa."

Tsiku loyamba minga inawavula a Zigamba malaya pang'onopang'ono, ngati ikuwayesa saizi. Tsiku lachiwiri anawoloka mtsinje, madzi ozizira mpaka m'chiuno, n'kuthokoza Mulungu. Atayenda pang'ono anaupezanso.

"Alamu, mtsinje womwe uja?"

"Womwewo. Wakukondani. Mukumananso nawo kasanu."

Mumpata wa miyala mimba inakana. Anakanirira pakati, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, miyendo ikupalasa m'malere. A Ndatherapano anakhala pansi n'kunena kuti palibe vuto, pakatha masiku awiri njala iwamasula yokha. Kenako anawauza kuti atulutse mpweya wonse, n'kuwakoka ndi lamba mpaka anasolokamo, mabatani atatsalira momwemo. Pamwala woterera a Zigamba anakwawa ndi mawondo ndi zigongono, akulapa machimo mokweza, ena oti mlamu wawo sankayenera kuwamva.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, anafika pathanthwe lomaliza. Mkuluyo anatula ndodo, anatembenuka, anakhala pansi.

"Ayi, lero ayi," anatero a Zigamba, akupuma ngati mvukuto. "Alamu, ndavutika masiku atatu chifukwa cha inu. Dzukani. Mapazi khumi ndi awiri, ndikanikize kamodzi, basi. Chiphaso chituluka, chemwali agone tulo."

"Ndinadziwa tisananyamuke. Wosoka nsapato safuna kuona phiri."

"Nanga mukuopa chiyani pamwambapo? Mizimu? Taonani!"

Anawaponyera foni pamiyendo kuti manja apepuke, n'kukwawa mapazi khumi ndi awiri aja kuti awaonetse kuti palibe choluma. Ataimirira pamwamba, pakamwa panatseguka pokha. Dziko lonse linali pansi pawo, mapiri atandondozana mpaka kuthera m'mitambo, misewu ngati ulusi wogwa pansi. Anaiwala chiphaso, anaiwala mlongo wawo, anaiwala mawondo. Anakweza manja m'mwamba n'kukuwa ngati wopenga. A Ndatherapano, amene anajambula alendo mazana pamalo omwewo, anangotembenuka pang'ono mwachizolowezi, anakanikiza, n'kubwereranso kuyang'ana kumene ankayang'ana.

"Mwaona chimene chimachitika pamenepo?" anatero. "Munthu akaima apo nzeru zimathawa. Amaona dziko lonse, koma chigwa cha kumbuyo kuno sachiona, thanthweli limamutchinga. Chifunga chimachokera m'chigwa chimenechi. Chikatulukira pampata uwo, ndimakhala ndi theka la ola kuti nditsitse anthu pamwala woterera uja asanasiye kuona mapazi awo. Ndikakwera nawo, akuyang'anira kumbuyo ndani? Zaka zonsezi sindinatayeko munthu ngakhale mmodzi, ndipo palibe anandifunsa chifukwa chake."

A Zigamba anachita manyazi, koma sanagonje. "Chabwino. Nditsike ndikhale pamenepo ndiyang'anire, inu mukwere."

"Inu chifunga mukuchidziwa? Mungaone utsi wa makala n'kuyamba kulira. Komanso ndili ndi mlendo pamwamba."

"Ndine mlamu wanu!"

"Kumunsi. Kuno ndinu mlendo. Ndipo ine ndikaimire kamwana ka zolembera zitatu kuti kakhulupirire kuti njira ndimaidziwa? Tsikani msanga, chayamba."

Chinayambadi. Galu wamkota sakandira pachabe. Anamaliza kutsika mwala uja chifunga chikuwanyambita m'khosi, ndipo pambuyo pake a Zigamba sankaona ngakhale dzanja lawo limene linagwira lamba wa mlamu wawo. Anatukwana njira yonse. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti munthuyo ankanena zoona, komanso kuti mphindi imodzi yokha ikanakwana, akanakhala kuti sanabadwe ndi mutu umenewo.

Atabwerako, a Zigamba anapita kuofesi ndi foni ija kuti akachonderere: taonani, tinafikadi, wojambula ndi iwowo. Kalaliki anayang'ana chithunzicho n'kuwala nkhope.

"Ichi ndiye chithunzi! Nkhope ikuoneka, nsonga ikuoneka."

"Koma ameneyo ndine."

"Ndiye chiphaso ndi chanu. Lembani fomu."

A Zigamba anafuna kumuponyera foni kumaso, koma inali yobwereka. Ali chiimire, nzeru inawabwerera, ndipo ikanakhala bwino ikanasochera panjira. Anafunsa ngati wonyamula katundu wa alendo amafunikanso chiphaso. Kalaliki anati ayi, ameneyo amangofunika msana, bola katundu wake ayesedwe pasikelo ya pageti, makilogalamu makumi awiri, ndipo aoneke kuti wasenzadi.

Motero tauni inaona zimene sinaonepo. Patsogolo a Zigamba, chiphaso chili pachifuwa, akuyenda ngati mkwati. Pakati alendo. Kumbuyo a Ndatherapano, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, atawerama ndi chikwama cha eni ake. Anavomera mosavuta, ndipo izi zokha zikanayenera kuopsa aliyense. Kunyumba kunali kutawakwana, ndipo phiri ankalifuna mwanjira iliyonse. A Zigamba analonjeza kuti akangodutsa pageti azilandirana katunduyo, koma munthu amene akulephera kunyamula mimba yake angalandire chiyani? Atayesa kamodzi, mkuluyo anawalanda.

"Mtsogoleri sasenza katundu, bwana. Alendo angakatinenere kuofesi."

Vuto linali njira. Wonyamula katundu sangamalondolere mtsogoleri pamaso pa alendo, nkhani ingafike kwa kalaliki. Ndiye anapangana: mkuluyo akakhosomola kamodzi, kumanzere, kawiri, kumanja, katatu, imani, mwasochera. Zinayenda bwino modabwitsa. A Zigamba ankaima pakati pa thengo, n'kununkhiza mpweya, n'kudikira chifuwa, kenako n'kuloza ndi ndodo molimba mtima. Alendo ankagoma. Wina analemba kalata yoyamikira mtsogoleri amene amamva njira ndi mphuno, n'kuwonjezera kuti wonyamula katundu yekha ndiye ankasokosa. Kalaliki anaimata pakhoma. Pathanthwe lomaliza a Zigamba ankakwera ndi alendo kukajambulitsa, mkuluyo n'kutsala pamalo pake, ndipo alendo ankati watopa, n'kumusiyira switi.

Maulendo asanu oyamba anabwerako akuseka okha. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi, nyengo yozizira itayamba, zizindikiro zinayamba kusokonekera. Chifuwa chinkamveka pamalo oti palibe pokhotera. Tsiku lina a Zigamba anazungulira mtengo umodzi katatu, alendo ali pambuyo, mpaka anawauza kuti ndi mwambo wa otsogolera. Popumula anakalipira mlamu wawo chapansipansi.

"Alamu, werengani bwino. Kanayi ndiye kuti chiyani? Tiuluke?"

"Fumbi, bwana. Pepani."

Fumbi lanji m'thengo lonyowa? Koma a Zigamba anali atayamba kukoma nacho chiphaso. Ana m'misewu ankawaloza, wometa tsitsi ankawapatsa mpando wa kutsogolo. Khutu lawo linaphunzira kuwerenga chifuwa chija, n'kuiwala kuchimva.

Pa ulendo wachisanu ndi chinayi, pobwerera, mvula inawapeza pamtsinje. Mkuluyo anawoloka kasanu ndi kawiri ndi chikwama pamutu, madzi m'chifuwa, kenako n'kubwereranso kukagwira dzanja mlendo aliyense. Atalowa m'thengo la minga, chifuwa chinayamba osalekeza. A Zigamba anakhotera kumanzere. Chinamvekanso, anakhotera kumanja. Chinamvekanso, anaima, anabwerera, analowa m'minga mpaka m'khosi, alendo akuyang'anana. Apo m'pamene a Ndatherapano anatula chikwama, n'kulankhula mokweza pamaso pa anthu onse.

"Alamu, sindikukulozerani njira. Ndikudwala."

Anapumula pang'ono, anasenzanso chikwamacho, n'kupita patsogolo. Anawatsitsa onse bwinobwino, monga mwa masiku onse. Atatsala pang'ono kufika pageti, anabwerera kumbuyo kwa mzere kuti mlonda asaone. Kuchipatala anagonako masiku asanu. Adokotala anati ndi chibayo, ndipo anafunsa chifukwa chimene achibale anachedwera chonchi.

Pamaliro kalaliki anabwera ndi nkhata yamaluwa, n'kupempha kuti alankhulepo. Anati ofesi yataya mmodzi wa onyamula katundu ake okhulupirika, munthu wosadandaula, amene anaphunzira zambiri pansi pa mtsogoleri wawo waluso, a Zigamba. Anthu anawerama. Sananame, ndi mmene zinalembedwera m'mafomu. A Zigamba analakalaka dzenje likanakumbidwa lalikulu pang'ono.

Tsopano pakhonde paja pali zii. Alendo amadutsa ndi nsapato zong'ambika, palibe wowaimitsa. Otsogolera enawo amapita kunsonga zapafupi, amabwerako masana, ndipo nthabwala zawo ndi zobwereka kwa malemu, amazinenanso molakwika. M'mawa a Zigamba amayala zida zawo, n'kukhala tsiku lonse popanda wowatukwana, ndipo aona kuti munthu akhoza kuwonda ndi ulemu. Kuthengo kuja minga yayamba kale kutseka mmene munkadutsa anthu.

Mwezi watha kalaliki anawoloka msewu n'kuima pamaso pawo.

"A Zigamba, kwabwera alendo anayi, akufuna nsonga yakutali. Chiphaso chake muli nacho ndinu nokha."

"Njira sindikuidziwa."

"Mwapitako kakhumi!"

"Auzeni kuti kwatsekedwa."

Kalaliki anabwerera akupukusa mutu, akuti anthu akuno safuna chitukuko. Mawa lake anatenga penti n'kufufuta nsonga yakutali pachikwangwani cha pakhomo.

Mlongo wawo wa a Zigamba sanawakalipire, ndipo bola akanatero. Anatha milungu isanu ndi umodzi akudutsa pakhondepo popita kumsika, moni yekha, n'kumapitirira. Lachiwiri lapitali anaima, n'kukhala pabenchi paja.

"Achimwene, ndikufunseni kamodzi kokha, sindidzafunsanso. Kunyumba ankabisa, ankakakhosomolera kuseri kwa bafa, akuti ndingawaletse ulendo. Ine ndinkangomva patalipatali. Koma inu munali nawo m'thengo miyezi iwiri yathunthu, ali kumbuyo kwanu komweko. Simunkamva?"

A Zigamba anabaya singano mumphira, n'kuisiya momwemo.

"Ndinkamva, chemwali. Chifuwa chilichonse ndinkachimva."

"Ndiye munkatani?"

"Ndinkakhota."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatola dengu lawo, n'kupitiriza ulendo wa kumsika.